Mbalule ya Mkamwini: Kutamanda Usiku Umene Unadya Mpunga Wanga

Sonkhezani moto, anyamata inu, ponyanipo mapesi. Ng'oma yagona pachinyezi, chikopa chalefuka ngati mimba ya mlamba. Iwambeni pang'onopang'ono, musaipsereze. Tamenya ndimve. Bu, bu. Ayi, imeneyo idakali m'tulo. Isendezeni kufupi. Tamenyanso. Nde! Eya. Nde-nde! Yadzuka tsopano.

Mbalule, pakamwa panga pachiwiri, lero tili ndi mlandu woti tikambe. Mpanje, wamtali wosawerama, gwira njira. Gunda, nkhalamba ya liwu limodzi, iwe uzingovomera.

Gu.

Lero sinditamanda mfumu, sinditamanda mlenje wopha mvuu. Nditamanda usiku umodzi wa Loweruka, mwezi wa Julayi, pabwalo la mpira la kwathu kuno, usiku umene ndinatenga banja langa lonse kukaonera oimba a m'tauni. Wina wafunsa kumbuyoko: kodi chokhumudwitsa amachitamanda? Khala pansi, mphwanga. Ng'ona ili ndi mayina ake, fisi ali ndi mayina ake. Chimene chakuluma uzichitchula mayina onse, mokweza, kuti tsiku lina chikamatulukira uchizindikire chili patali.

Koma gule sayamba mwini bwalo asanalonjeredwe.

Likangala! Mtsika-phiri, mwana wa ku Zomba wobadwira m'nkhungu! Wolandira Mulunguzi ndi manja awiri ngati mlongo wake. Wodutsa m'tauni utazyolika, wochapa zovala za a ku Chikanda, womeza zithaphwi za pa Mpondabwino osatsegula pakamwa, wokumbidwa mchenga usana ndi usiku kuti ena amange nyumba za njerwa. Umafika kwathu utatopa, utada, komabe umalowa m'ngalande za sikimu n'kudyetsa midzi. Iwe amene anakuikira zipata kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, alangizi a ku Taiwan atavula nsapato n'kulowa m'matope kuonetsa makolo athu kuwokera mpunga pamzere. Iwe suyendetsa galimoto yolengeza kuti ukubwera. Ukati ubwere umangobwera. Mu Januwale 2015 unabwera. Mu Malichi 2023 unabwera ndi mnzako Freddy, n'kugogoda pakhomo ndi chipumi. Tinalira, inde, koma palibe anganene kuti Likangala anatiika padzuwa.

Nde-nde-nde! Gu.

Chilwa! Nyanja yopanda khomo lotulukira, Mlandira-zonse, Msabweza! Domasi amakupatsa, Phalombe amakupatsa, Sombani amakupatsa, Likangala amakupatsa, iwe subweza ngakhale chikho. Wamadzi amchere, wosaya ngati mbale koma wodyetsa ngati nkhokwe. Mayi wa matemba, mayi wa makumba, mayi wa milamba ya ndevu. Wosunga asodzi m'zimbowera pakati pa madzi, miyezi n'kupita osaona utsi wa kwawo. Wodziwa kufa n'kudzuka: 1968 unafa, 1995 unafa, 2018 mabwato a pa Kachulu anagona pamatope ong'aluka, Chisi n'kumaoneka ngati phiri la kumtunda. Mvula itagwa unadzambatuka, n'kutifunsa ngati panachitika kanthu. Mu 1997 anakulemba m'kaundula wa madambo a Ramsar chifukwa cha mbalame zako, iwe osadziwa n'komwe. Ndakutchula Msabweza, koma undikhululukire: usiku uja ndinakumana ndi mphwako wodziwa kulandira kukuposa, ndipo iye alibe ndi themba lomwe.

Ndifika kwa iyeyo. Mpanje, usathamange.

Mpunga wanga, Faya wonunkhira mpaka kumsewu! Mthyola-msana, Mdya-zikhadabo! Wofesedwa panazale, wozulidwa, wowokeredwa madzi ali lekeza m'mawondo misundu ikuyamwa m'akatumba. Wokanganitsa anthu pachipata cha madzi pakati pa usiku, uyu akuti lero ndi tsiku langa, uyo akuti latha. Wolonderedwa ndi mwana wanga wachisamba, mtsikana wa sitandade 7, ataima pamlambala ndi chingwe cha zitini kuyambira m'mamawa, kuingitsa mbalame. Ndipo ankaziingitsa ndi chiyani? Ndi nyimbo za oimba omwewo, zomwe anaziloweza pafoni ya malume ake. Mbalame za m'dambo lino zinamva nyimbo zonsezo, ndime ndi ndime, ife amene tinalipira sitinazimve.

Womwetedwa ndi zenga, wopunthidwa, wopetedwa mankhusu akulowa m'maso. Thumba limodzi la iwe ndinalikweza panjinga, ndinalipereka kwa venda wa sikelo yotsinzina diso limodzi. Anandiwerengera makwacha m'manja, ndinawapinda kanayi, ndinawaika m'thumba la m'kati la jekete. Mayi a kunyumba anati, "Bambo, thumba limeneli si la feteleza lija?" Ine ndinati, "Mayi, munthu sakhalira feteleza yekha." Mwamva mawu a munthu wanzeru amenewo? Asungeni, tiwafuna kutsogoloku.

Gu.

Chipepala cha pamtengo, Chikomekome-cha-mkuyu! Mwana wa inki, Msekerera-aliyense! Wokhomedwa pamtengo wa mango pamsika, wokhomedwa pachigayo, wokhomedwa pachitseko cha okala, ngakhale pamjigo unafikapo. Nkhope zinayi zowala ngati zapakidwa mafuta ophikira, pakati pake mwini gulu, gitala pachifuwa, chala chikuloza ine ndemwe. Unati 6 koloko madzulo. Unati bwerani ndi banja lonse. Unati sizinachitikepo kuno. Pamenepa pokha sunaname.

Ndi iwe mlongo wake, galimoto ya chimkuzamawu, Mdzutsa-agalu, Mfumbi-wa-m'maso! Masiku atatu ukuzungulira midzi, ana akukuthamangira mpaka kumalire, nkhuku zikubalalika. Unalankhula mpaka amayi otunga madzi anatula zidebe. Unalankhula mpaka mwana wanga analeka kudya. Ndiwe unandilowetsa maganizo aja m'mutu, maganizo a mkamwini. Pakuti ine pano ndine wobwera. Nyumba ndinamanga ndine, koma dothi ndi la akazi anga, mtengo wa mango ndi wa apongozi, ana ndi a malume awo. Mkamwini amakhala ndi njala imodzi yosatha, njala yoti tsiku lina eni mudzi anene kuti koma bambo awa. Ndiye ndinati: amayi, apongozi anga, nawonso apite. Ndiwalipirira ndine.

Nde! Nde! Mbalule, seka, ndakulola.

Tinanyamuka dzuwa likupendekera kuphiri la Zomba. Taonani mzere wake pamlambala wa sikimu. Patsogolo mzime wanga, kamnyamata ka zaka zisanu, Mdumpha-ngalande, kabudula wa pa Khirisimasi. Pambuyo pake wachisamba, tsitsi lomangidwa kuyambira Lachinayi, nsapato zobwereka kwa mnzake, milomo ikung'ung'udza. Kenako mayi a kunyumba, Mgwira-mudzi, Msunga-mchere, chitenje chatsopano chikulira pwata pwata, pamutu mkeka wopinda ndi chigubu cha thobwa. Kenako amayi, apongozi anga, Mtunda-wosakwereka, Diso-loona-kuseri, Mwini-dothi! Amene anavina manganje ine ndisanabadwe, amene sanayambe andiyang'ana m'maso ndipo sindinayambe ndawayang'ana m'maso zaka khumi ndi zinayi. Ndodo m'manja, duku kumutu, bulangete paphewa. Iwo okha ndiwo anatenga bulangete. Akulu amanunkhiza zinthu.

Ine kumbuyo kwenikweni, patali pang'ono monga mwa ulemu, jekete ndi dzanja pachifuwa, kusisita pamene panali ndalama. Achule akuyamba, akakowa akubwerera kogona, utsi wa matemba ukutuluka m'midzi ya kunyanja. Ndinkayenda ngati mfumu.

Bwalo la mpira tinalipeza lavala. Mpanda wa malona ndi matumba a feteleza osokedwa, kuzungulira magolo onse awiri, malo omwe ana athu amasewera ulere tsiku lililonse.

Tsopano iwe. Wapageti! Mphwake wa Chilwa, Msabweza wamng'ono! Chifuwa-cha-mtondo, Khosi-losatembenuka, Dzanja-lolowera-kumodzi! Wosadziwa moni, wosadziwa imvi. Unati wolowa ulere ndi wapamsana yekha. Mzime wanga anamva, anakwera kumsana kwa amake ngati nyani, amake n'kumukulunga m'chitenje. Iwe unayang'ana pansi, unaona miyendo ikulendewera mpaka m'mawondo mwa amake, mapazi ali mbuu ndi fumbi la ulendo. Unati, "Khanda limeneli layenda wapansi kuchokera kuti?" Anthu gwaa kuseka. Ndinalipira asanu.

Ndinatulutsa akuluakulu a dziko mmodzimmodzi. Kamuzu anapita. Chilembwe anapita, Chilembwe winanso anamutsatira. M'thumba munatsala mayi Rose Chibambo awiri ndi bambo Sangala, mwana wa kuno ku Zomba, amene anakana kundisiya ndekha. Unawalandira onse osawayang'ana kumaso, unawaponya m'kachikwama ka m'chiuno, zipi n'kutseka. Chiphaso panalibe. Unali ndi chidindo cha inki yofiirira, kudinda pamkono ngati nyama ya pamsika. Mwana wanga anapereka mkono wake akunjenjemera ndi chimwemwe. Utafika pa amayi, anabweza mkono m'bulangete. Analankhula kwa mwana wawo, monga amachitira akafuna kuti ine ndimve: "Auzeni kuti ine ndinadindidwa kale. Chala ichi ndinachiviika mu inki 1993 posankha nyali. Si ng'ombe ya kudibi ine." Wapageti, Khosi-losatembenuka, pamenepo khosi lako linatembenuka. Analowa opanda chidindo. Chigubu cha thobwa ndicho unatsekereza, ati zakumwa agula m'katimo.

Gu. Gu.

Tinayala mkeka pafupi ndi nsanja. Nsanja ya matabwa ndi migolo, masipika anayi otalika ngati nkhokwe, mababu atatu pachingwe, ndipo kumbuyo, zofunditsidwa nsalu, ng'oma za chizungu zija, za mbale zachitsulo. Ine monga mmisiri maso anga anali pamenepo. Ndinkafuna kuona dzanja la mnzanga.

6 koloko inakwana. 7 koloko inakwana.

Wani-thu! Mwana wa mayikolofoni, Mbereka-chiyembekezo, Mlengeza-zosabwera! Wani-thu, wani-thu. Sunafikepo pa firii usiku wonse. Ukangolankhula sipika imalira tswiii ngati nkhumba pamsika, makanda n'kudzidzimuka. Ndiwe unali ndi nkhani zonse za ulendo wa oimba. 8 koloko unati, "Makolo anga, khazikani mtima pansi, afika pa Matawale." Tinaomba m'manja. Patapita nthawi unati adutsa ku Ndege. Tinaomba m'manja. Kenako unati tayala laphulika. Kenako unati ali pamzere wa mafuta m'tauni. Mkulu wina anafuula: "Kodi akubwera kuno kapena akubwerera?" Iwe unati, "Wani-thu." Munthu woyenda ndi ndodo akananyamuka pa Matawale nthawi imene unatchula koyamba ija, bwenzi atatipeza, atamwa madzi, atapumula.

Mwana wanga ankakhulupirira liwu lililonse. Nyali ya njinga yamoto ikaoneka kumsewu ankaimirira: "Ababa, ndi amenewo!" Anaimirira kasanu ndi kawiri. Ndinawerenga.

Nanga poyembekezerapo munatipatsa chiyani? Mnyamata wa laputopu, Msankha-zolaula, Wosabadwa-ndi-manyazi! Ndikutamande bwanji iwe? Mawu amene umatulutsa m'masipika mwako alipo kwathu kuno, sitikana. Ali ndi nyumba yake: kutsimba, kusimba, kumene anamkungwi amalankhula chitseko chili chotseka, ana ali kutali, apongozi ali kutali. Iwe unawatenga n'kuwakweza pamtengo kuti amveke mpaka ku Mpyupyu. Ine ndili apa, amayi ali apo, pakati pathu mkeka umodzi. Ndinayang'ana kumwamba, ndinawerenga nyenyezi. Ndinayang'ana pansi, ndinamasula chingwe cha nsapato n'kuchimanganso. Mzime wanga anayamba kubwereza mawu amodzi mokweza, akufunsa amake tanthauzo. Amayi anakhosomola kamodzi. Chifuwa chimenecho ndimachimvabe.

Mpanje, tsika. Gunda, konzeka, wako wafika.

Jenereta! Chimwa-petulo, Nkhalamba-ya-chifuwa, Mfumu ya usiku uja! Wokokedwa chingwe ndi anyamata atatu mosinthana, wokana, wonyengereredwa, womenyedwa khofi pambali, kenako bu-bu-bu-bu ngati mvuu yapsa mtima. Wolira kuposa nyimbo. Wopsereza mphuno ndi utsi. Iwe ndiwe unali woimba weniweni, pakuti ukatsegula pakamwa tonse timaona, ukatseka tonse ndife akhungu. Magitala, kiyibodi, masipika a nkhokwe aja, mnyamata wa laputopu ndi zolaula zake, onse ndi akamwini ako, amakhala pa dothi lako. Ndikulemekeza pa chimodzi: kanayi konse unamutseka pakamwa mnyamata uja. Nthawi zinayi zimenezo ndi zokha zimene ndinapuma.

Sindikuweruza, nkhalamba. Ndikudziwa zimene zakuonekera. Chichokereni Novembala 2023, pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, chakumwa chako chinasanduka mankhwala ogula ndi botolo. Amene anakubwereka anawerenga makwacha a pageti, sanawerenge mimba yako. Cha m'ma 10 koloko unakhosomola katatu, mababu n'kufiira ngati makala, n'kuti zii. Bii. Anatuma mnyamata ndi chigubu panjinga yamoto kukagogoda kwa ogulitsa petulo wa m'mabotolo. Ndiye Wani-thu, wopanda mayikolofoni tsopano, ndi kamawu kake kenikeni kochepa ngati ka mwanapiye, anati, "Makolo, tisonkheko ya mafuta." Anayendetsa chipewa. Tamvani, anthu inu: tinalipira kuti tilowe, tilipirenso kuti tione chimene tinalipirira. Ndipo chipewa chitafika pamkeka wathu, amayi akuona, mkamwini akanatani? Mayi Rose Chibambo mmodzi anapita.

Mumdima umenewo amayi analankhula kachiwiri. "Tawafunsani bambo akewa, nyali tinasankha ija ili kuti?"

Nde-nde-nde-nde! Gu.

Ena ndingowalonjera podutsa. Mwera, Mpeni-wa-kunyanja, wolowera kuthumba lobooka la jekete. Udzudzu wa ku Chilwa, Msalipira-pageti, woimba yekhayo amene anafika nthawi yake n'kuimba mpaka kumapeto, pafupi ndi khutu. Mayi wa chiwaya, wokweza mtengo ola lililonse, amene anameza Chibambo wachiwiri posinthana ndi timbatata tokwana m'chikhatho cha mwana. Chidakwa cha kachasu, Mponda-mikeka, chovina nyimbo imene chikuimva chokha, chimene chinagwera pamiyendo ya mayi a kunyumba n'kuwatchula alamu. Ndi inu ana a kunja kwa mpanda, Abowola-malona, amene munakwera mumtengo wa mango n'kuona zonse zimene ife tinaona, ulere. Inu ndinu anzeru a m'mudzi muno. Mukadzakula mudzatilamulire.

11 koloko itadutsa, jenereta itamwa, minibasi inalowa ndi fumbi. Mwana wanga anali ataodzera paphewa la amake. Anadzidzimuka, anakonza tsitsi ndi manja awiri, anaimirira kachisanu ndi chitatu.

Mwini chala choloza chija munalibe.

Anatsika anyamata awiri ndi atsikana awiri onjenjemera. Wani-thu anati mkulu wadwala mwadzidzidzi, koma watitumizira mphwake, moto womwewo. Ndiye ndikutamande iwe, Mphwake-wa-chithunzi! Magalasi-akuda-usiku, Unyolo-wa-m'khosi, Buluku-logwera-m'mawondo! Mtafuna-mphepo! Unapereka flashi kwa mnyamata wa laputopu, unagwira mayikolofoni mozondotsa, unati tikweze manja. Tinakweza. Liwu linatuluka lokoma, loyera, ngati la pawailesi. Ndinati mumtima, koma mwanayu ali ndi mphatso. Ndime yachiwiri ili pakati unamva ludzu. Unatembenuka, unatola botolo la madzi, unamwa, kholingo likukwera n'kutsika, ndipo liwu lako linapitiriza kuimba lokha. Mzime wanga anandikoka jekete: "Ababa, akuimbira pati?"

Ng'oma za chizungu zija sizinavundukulidwe. Nsalu inakhala pomwepo usiku wonse, mame n'kugwapo. Anazinyamula kuchokera m'tauni kudzangoziimika kuti tizione, monga mmene ena amaikira mabuku pakabati. Ine chimene chinandipweteka monga womenya ng'oma ndi chimenecho. Ng'oma yobwera pabwalo n'kubwerera osalankhula, kwathu timati pachitika malodza.

Mphwake-wa-chithunzi, dziko lino lili ndi oimba, usatiyese ana. Allan Namoko wa ku Thyolo sankaona, koma ndi banjo yake ankaimitsa msika, ndipo atamwalira mu 1995 anasiya nyimbo zimene mpaka lero zimatiimitsa njinga. Agogo Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa 1930, anakalamba gitala ili m'manja, liwu likutuluka pakhosi pawo pomwe. Lucius Banda, Soja wa ku Balaka, amene anatisiya mu Juni 2024, ndinamuonera ndekha m'tauni ya Zomba ndi gulu lake la Zembani ndili mnyamata: thukuta linkadontha kuchokera m'zigongono za womenya ng'oma, ndipo tinabwerera kunyumba miyendo ikukana. Ngakhale akaidi a kundende ya Zomba, kumtunda kwa mtsinje womwewu, anajambulidwa akuimba m'kati mwa mpanda, chimbale chawo n'kukapikisana nawo pa mphoto za Grammy ku America mu 2016. Iwo analibe unyolo wa m'khosi wogula. Iwe unali ndi masipika anayi.

Nyimbo zitatu ndi theka. Ya mwana wanga, imene ankaingitsira mbalame, sinafike. Pa theka lija jenereta inati basi, ndakwana.

Gu.

Zotsatira zake ndizidutsa mothamanga, pakuti nafenso tinathamanga. Mdima. Mluzu. Wina anafuula kuti atibwezere zathu. Botolo linauluka, linakaphulika pa mgolo. Mpanda wa matumba unagwa mbali ya kum'mawa, ana a mumtengo n'kukhamukira m'kati kudzaona chimene panalibe. Wapageti, Msabweza, anasungunuka ngati mchere m'madzi, ndi akuluakulu a dziko onse m'chiuno mwake. Minibasi inatuluka nyali zozimitsa. Ndinanyamula mzime paphewa, mayi a kunyumba anagwira amayi dzanja, mkeka unatsala, chigubu cha thobwa sitinachionenso. Podumpha ngalande, nsapato imodzi yobwereka ija inatsalira m'matope. Ndinagwada, ndinapisa mkono mpaka m'phewa, jekete ndi yonse, kuunikira ndi foni ya batire lotsala pang'ono. Likangala anailandira, anaipereka kwa Chilwa, ndipo mukudziwa kale dzina la Chilwa.

Njira yonse palibe analankhula. Achule okha, zikwizikwi, mbali zonse za mlambala, osaphonya ndime, osapempha ya mafuta. Amayi anavula bulangete lawo n'kufunditsa mdzukulu wawo, amene ankayenda chotsimphina, phazi limodzi lovala, lina lopanda. Titafika pabwalo la nyumba anaima, ndodo pansi, nkhope kumbali. Analankhula kachitatu, kotsiriza, mwaulemu wonse.

"Auzeni bambo kuti zikomo. Taona."

Mbalule, usaseke pamenepa. Bwenzi atanditukwana.

Tsopano watsala mmodzi woti atamandidwe, ndipo ndimudziwa bwino. Ine! Mkamwini-wa-jekete, Mgulitsa-feteleza, Munthu-sakhalira-feteleza-yekha! Mponya-Chibambo-m'chipewa! Woyenda ngati mfumu popita, wonunkha matope pobwera. Ine amene ndili ndi ng'oma zitatu m'nyumba, zosemedwa ndi malemu atsibweni anga, zimene nkhuku inaikira mazira kuseri kwake chifukwa cha kukhalitsa. Ine amene ana akati tiphunzitseni ndimati mawa, akati tiimbireni ndimati ndatopa, akaonera za pafoni ndimati koma izi ndiye nyimbo. Gule Wamkulu anamulemekeza ku UNESCO mu 2005, tchopa cha anzathu Alhomwe mu 2014, ine n'kumamva pawailesi, n'kugwedeza mutu, n'kukagulitsa mpunga kuti ndikaone mnyamata akumwa madzi. Musandimvere chisoni. Ndipo musaganize kuti usiku umenewo ndinafika n'kuwamba ng'oma, banja n'kuvina mpaka mbandakucha. Zimenezo ndi za m'nthano. Tinagona ndi njala, aliyense kuyang'ana kukhoma kwake. M'mawa ndinapita kwa make mwana wa nsapato uja kukapepesa, ndipo bambo Sangala, amene anandikakamira usiku wonse, anapita monga chikole.

Mpanje, leka. Gunda, leka. Atsale mbalule yekha, motsitsa.

Iwe mwana wanga, wachisamba, Mwingitsa-mbalame, Liwu-la-pamlambala! Mwimirira-kasanu-ndi-katatu! Sunalire. Ndikanakonda ukanalira. Lamulungu unapita kumjigo, unatsuka mbale, unasesa, osang'ung'udza nyimbo ngakhale imodzi, nyumba ili zii ngati pamaliro. Lolemba ndinakuona ukusamba m'manja pakhonde. Unkathira madzi mosamala, kuzungulira, kulambalala kamalo kamodzi pamkono. Chidindo chija. Chinali chitayamba kufufutika, iwe n'kumachitchinga ndi chala kuti sopo asachifike. Unachisunga mpaka Lachitatu. Chipepala cha pamjigo unachimatula bwinobwino, unakutira kope lako la masamu, chala chija chikulozabe.

Lachitatu lomwelo madzulo, ine ndikunola zenga pamwala, unabwera n'kugwada patali pang'ono.

"Ababa."

"Ee, mama."

"Akuti mkulu uja wachira. Akuti adzabwera yekha mwezi wa Okutobala." Unakanda pansi ndi kamtengo. "Tidzapitanso?"

Ndinayang'ana kunkhokwe. Ndinawerenga matumba otsala ndi maso. Ndinatsegula pakamwa.

Kuseri kwa mpanda wa bango, kumene amayi ankasankha mpunga m'lichero, kunamveka chifuwa. Kamodzi.

Gunda, vomera.

Gu.